Lamulungu Limene Tinabwerera Panjira

Ndikakumbukira Febuluwale wa chaka chimenecho, choyamba kundibwerera ndi manja anga: akuda bii ndi utomoni wa fodya, omata, oti ngakhale uwakhule ndi mchenga wa kudambo sankayera, ndipo chilichonse chimene wagwira n'kuponya m'kamwa chinkawawa. Kwathu ndi cha kwa Dzoole, m'boma la Dowa. Panali patangopita miyezi ingapo chivotereni boma latsopano, ndipo pakhomo pathu panali patasintha zinthu ziwiri. Sukulu inakhala yaulere, moti ine, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinayamba Sitandade 1 pamodzi ndi tiana tolekeza m'chiuno mwanga, tikuphunzira pansi pa mtengo. Abambo nawonso anayamba kulima fodya wa bale wawowawo, amene kale ankangolimidwa m'maesiteti. Kuseri kwa nyumba anamanga chigafa chachitali cha mitengo ndi udzu, ndipo m'miyezi ya mvula moyo wathu wonse unasamukira m'menemo. M'mawa tinkathyola masamba a m'munsi mame asanaume, masana tinkakhala pansi n'kumawasoka, madzulo abambo ankakwera pamwamba kukawapachika pa mikangala. Fungo la fodya wamuwisi linalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa. Unalinso mwezi umene nkhokwe imakhala itatsala pansi penipeni, anthu akudikira maungu ndi dowe, ana akutupa mimba, udzudzu uli ponseponse.

M'banja mwathu tinalimo ana anayi, ine woyamba. Wotsiriza anali Fanuelo, wa miyezi isanu ndi inayi, wa mano awiri m'munsi. Ndikaweruka kusukulu ankakhala kumsana kwanga mpaka dzuwa kulowa, kuti amayi asoke fodya manja onse ali omasuka. Anali mwana wolemera, wokonda kukoka makutu, ndipo ukamuseka ankakuluma paphewa. Lachisanu anayamba kutentha thupi. Loweruka anakana bere, anatsegula m'mimba, liwombo linalowa m'kati. Abambo anakagula mapiritsi pa okala, amayi anawaphwanya pa supuni, koma mwanayo anasanza zonse. Kutacha Lamulungu, amayi anati basi, akupita naye kuchipatala ku Madisi. Njinga ya abambo inali itathyoka foloko, ndipo mphepo ya dzulo lake inali itasasula udzu mbali imodzi ya chigafa. Akanachoka, fodya wa chaka chonse akanavunda. Choncho amene anaperekeza amayi ndinali ine. Anandisenzetsa basiketi muli ufa pang'ono, kapoto, mchere ndi bulangete, chifukwa kuchipatala wodikira wodwala amadziphikira yekha. Kadi ya kusikelo ya Fanuelo anaikulunga m'pepala la shuga kuti isanyowe.

Tinanyamuka kusanayere bwino. Tinadzera njira zachidule za m'minda, udzu wonyowa ukutimenya m'miyendo, chisoso chikumata pa diresi. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, ndipo fungo lake linkasakanikirana ndi la dothi lonyowa. Amayi ankayenda patsogolo mwaliwiro, osalankhula, ine pambuyo ndikuyesetsa kusatsalira. Chimene ndinkatsatira kwenikweni sanali amayi, koma kapumidwe ka Fanuelo. Kankamveka pang'onopang'ono kumsana kwawo, kolira ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'dengu. Tinawoloka mtsinje wina pa mlatho wa mitengo itatu, madzi ali pansi ndithu, tinakwera chitunda, tinadutsa m'mphepete mwa esiteti ina yaikulu imene mizere yake ya fodya inkafika kumene maso amalekeza. Dzuwa linali litakwera pang'ono pamene ndinazindikira kuti ndikungomva mapazi athu okha.

Amayi anayendabe kanthawi. Kenako anapatuka, nakakhala pansi pa mtengo wa msuku. Anamasula mbereko, anamuika mwanayo pamiyendo, anatulutsa bere n'kuliika pakamwa pake. Mkaka unadontha, unatsetsereka patsaya mpaka kukhutu. Anamuitana dzina kawiri, osakweza mawu. Anaika khutu pachifuwa pake nthawi yaitali. Atadzuka anamupukuta tsaya ndi ngodya ya chitenje, anamutseka maso ndi chala chachikulu, ndipo anamuberekanso. Pamwamba anafundika chitenje china, chija anagawa a chipani nthawi ya kampeni, mpaka kubisa mutu wonse, monga amachitira amayi mvula ikamabwera.

"Tiye tibwerere," anatero.

"Nanga kuchipatala?"

"Tiye." Atayenda mapazi angapo anaima, osatembenuka. "Usalire. Kuno n'kwa eni. Wina akafunsa, uziti wagona."

Ndinkadziwa chifukwa chake ngakhale sanandifotokozere. Maliro sadutsa m'mudzi mwa eni ngati mtolo wa nkhuni. Anthu akanadziwa, akanatiimitsa, akanakauza akuluakulu a pamalopo, akanatuma munthu kwathu, ndipo ife tikanakhala pakhonde la anthu osawadziwa mpaka amuna a kumudzi atabwera. Amayi sankafuna zimenezo. Anachoka naye pakhomo kumsana, ankafuna kukafika naye pakhomo kumsana.

Kunena zoona, sankafunika n'kundiletsa komwe. Misozi kunalibe. M'mutu mwanga munangoti zii, ngati mmene khutu limakhalira mukalowa madzi. Ndinkaona zinthu zonse bwinobwino, koma ngati zili kutali: linthumbu likuwoloka njira, mbuzi yomangidwa pa chitsa, munthu wina wapanjinga atalowetsa buluku lake m'masokosi akuthamangira kutchalitchi. Anatipatsa moni, amayi anayankha monga mwa masiku onse. Ndikukumbuka kuti ndinkaganiza za ufa umene ndinasenza, kuti tauvutikira chabe, ndiponso kuti ndidzafunsa ndani zimene anzanga akaphunzire kusukulu Lolemba. Ndinkayang'ana chitenje chakumsana kwa amayi, nkhope ya munthu wandale yosindikizidwa pamenepo itapindika pa mutu wa mlongo wanga, ndipo sindinkamva kanthu.

Mvula inachokera cha ku mapiri a ku Ntchisi. Tinaiona ikubwera, yakuda, ikumeza zitunda chimodzichimodzi, ndipo isanatipeze n'komwe inali itagwa kale kumtunda. Pofika pa mtsinje uja, mitengo itatu ija sinkaonekanso. Madzi ofiira ankathamanga ndi mapesi, nthambi ndi thovu, akulira moti sitinkamvana. Amayi anaima m'mphepete, mvula ikuwamenya, akuyang'ana tsidya. Ndinaona phazi lawo likulowa m'madzi mpaka m'kakolo, kenako analibweza. Apo m'pamene tinamva ng'oma, cha kumbuyo kwathu, kumalire a esiteti.

Tchalitchi chimene munkalira ng'omazo tinachidutsa m'mawa osachilabadira, chifukwa chinkaoneka ngati chigafa china basi: zipupa zadothi zolekeza m'mapewa, denga laudzu, ndi mtanda wa timitengo tiwiri tomanga ndi luzi. Chinali cha matenanti, anthu olima fodya wa eni esiteti, amene ankabwera pa lole kuchokera kum'mwera, ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kudzakhala m'tizisakasa mpaka fodya atagulitsidwa. Ife a m'midzi sitinkayenderana nawo. Mpingo wawo tinkangoumvera kutali, ndipo tinkauseka. Kwathu tinkapemphera m'tchalitchi cha njerwa ndi malata, pa mabenchi, nyimbo za m'buku, akulu a mpingo atavala majekete, ndipo munthu akaomba m'manja pakati pa nyimbo ankachita kumutembenukira. Awa ankavala mikanjo yoyera, kuvula nsapato pakhomo, kuimba ng'oma ndi kuvina mozungulira. Ana tinkanamizana kuti ukalowamo amakugwetsa pansi n'kukulankhulitsa zosamveka. Mkulu wina wa kwathu ankati kumeneko si kupemphera koma kuchita phokoso.

Amayi sanafune kulowa. Tinaima kunja, kumamatira chipupa, koma udzu wa denga unali waufupi ndipo madzi ankatigwera m'khosi. Posakhalitsa panatuluka mayi wina wamfupi, wa zaka ngati za amayi kapena kuposerapo pang'ono, mkanjo wake woyera utamangidwa ndi lamba wobiriwira. Anali amene amaima pakhomo kulandira anthu. Pambuyo pake ndinamva anzake akumuitana kuti amake Esinta, ndipo dzina lokhalo ndi limene ndikudziwa mpaka lero.

"Alendo, lowani. Mwanayo angavumbwe."

"Zikomo, mayi, tingousa pompano. Ikangodukiza tipita."

"Iyi siidukiza msanga. Mtsinjenso simuwoloka. Lowani, ndi nyumba ya Mulungu ino, si ya munthu."

Panalibe njira yokanira popanda kufotokoza, choncho tinalowa. Nsapato zoti tivule tinalibe.

M'katimo munali mdima pang'ono ndi kafungo ka zovala zonyowa, thukuta, dothi lozira kumene ndi kandulo. Mabenchi munalibe. Anthu anakhala pa matumba a feteleza oyala pansi, amayi kumanzere, abambo kumanja, ana mbwee kutsogolo. Onse akanakwana makumi anayi kapena asanu. Pakati panasiyidwa bwalo, ndipo m'bwalomo anthu ankazungulira akuimba, mikanjo ikuuluka, mapazi akugunda pansi mpaka nthaka kumanjenjemera m'matako mwanga. Nyimbo zina zinali za Chichewa, koma chokoka mwa kwawo. Zina zinali m'chilankhulo chawo, ndipo ndinkangotolamo dzina la Yesu. Amake Esinta anatikhazika chakumbuyo, pafupi ndi chipupa, iwo n'kukhala pambali pa amayi. Amayi ena onse a ana anali atamasula mbereko, ana ali pamiyendo akuyamwa. Amayi anga anakhala chowongoka, miyendo atatambasula, mfundo ya chitenje ili pachifuwa osaikhudza. Pa bulauzi yawo panali madontho awiri aakulu amene sanali a mvula.

Mbusa wawo anali munthu wowonda, wamtali, wogwira ndodo. Atakweza dzanja kuti ng'oma zileke, ndinaona kuti zala zake n'zakuda ngati zanga. Anati Mulungu watumiza alendo ndi mvula, aimirire mpingo uwaone. Ndinaganiza kuti apa ndiye amayi agwa. Koma anaimirira, anagwira mawondo mwaulemu, ndipo analankhula ndi mawu awo a masiku onse, amene ankaitanira nkhuku kapena kufunsa mtengo wa sopo.

"Ine ndine Naphiri, uyu ndi mwana wanga. Kwathu ndi cha kwa Dzoole. Timapemphera kwina. Tikubwerera kumudzi, ndiye mtsinje watitsekereza."

Mpingo wonse unayamba nyimbo yolandira alendo, ndipo anthu anandanda kudzatigwira chanza. Mayi aliyense akafika ankasuzumira kumsana n'kufunsa kuti wakumbuyoyo ali bwanji. Amayi ankati wagona. Ena ankafunsa ine, inenso ndinkati wagona. Ndinalinena liwulo kambirimbiri mpaka linasiya kutanthauza kanthu.

Za ulaliki sindikumbukapo zambiri. Ndikudziwa kuti mbusayo anatchula za matalala amene anaboola fodya sabata yapitayo, anadzudzula amuna amene amamwa mowa Loweruka n'kudzagona m'tchalitchi, ndipo anthu anaseka. Ine ndinkayang'ana chitini chimene anatchera pamene denga linkadontha, ndikudikira kuti chidzaze. Nkhuku yonyowa inalowa, mwana wina anaithamangitsa. Ng'oma zitayambanso, ndinapeza kuti phazi langa likugunda pansi motsatira, lokha, ngati la munthu wina. Ndinaliyang'ana ndipo sindinaliletse. Mlongo wanga anali pamenepo, pafupi moti ndikanatha kumukhudza ndi chigongono, ndipo phazi langa linkavina.

Chakumapeto mbusa uja anati mwezi uno malungo alowa m'misasa, ndiye mayi aliyense abwere ndi mwana wake kutsogolo, amuvule chipewa, apemphereredwe. Mnyamata wina anabweretsa mbale ya madzi. Amayi ananyamuka mmodzimmodzi, mbusa ankaika dzanja pamutu pa mwana, kumuwaza madzi, mwana n'kulira, mpingo n'kuvomera ndi nyimbo. Mzere unafupika. Wotsiriza atabwerera pamalo pake, mbusayo anayang'ana kumbuyo kumene tinakhala.

"Alendo athu nawonso. Mulungu sasankha kuti uyu ndi wa mpingo uti."

Amayi sanasunthe. Maso awo anali pachipupa cha kutsogolo. Anthu anayamba kutembenuka. Amake Esinta, poganiza kuti mwina ndi manyazi, anasendera kuti awathandize kumutsitsa mwanayo, ndipo dzanja lawo linalowa pansi pa chitenje n'kugwira kaphazi kamene kanali katatulukira m'mbali. Ndinali pafupi, ndinaona zonse. Dzanjalo linaima. Silinachoke msanga monga limachitira dzanja likakhudza chinthu chozizira mosayembekezera. Linakhala pomwepo, litakafumbata kaphaziko. Anawayang'ana amayi kumaso. Amayi sanawayang'ane. Kenako amake Esinta anakokera chitenje pansi, anakabisa kaphazi kaja bwinobwino, nasomeka nsonga ya nsalu m'chiuno mwa amayi.

"Uyu wagona, abusa," anatero mokweza. "Mungomupempherera ali pomwepo."

Mbusayo anabwerabe ndi mbale yake, akudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Atafika, amake Esinta anamuuza mawu awiri kapena atatu m'chilankhulo chawo, chapansipansi. Munthuyo anaima. Anaika mbale pansi, anagoneka ndodo, ndipo anagwada pa dothi patsogolo pa amayi, mawondo ake pafupi ndi mapazi awo amatope. Sanafundukule chitenje. Sanafuule monga ankachitira popempherera ana enawo. Anapemphera m'Chichewa, motsitsa, moti ndikukhulupirira kuti tinamva ndife anayi okha.

"Atate, mayi uyu ali paulendo. Inu mukudziwa kumene wachokera ndi chimene wanyamula. Muphwetseni mtsinje. Mufikitseni kwawo, iye ndi ana ake onse awiri."

Anaviika zala m'mbale n'kundiwaza ine pamphumi. Atabwerera kutsogolo anakodola woimba ng'oma kuti aleke, ndipo anayambitsa nyimbo ina yapang'onopang'ono, yopanda ng'oma, yopanda m'manja. Palibe chimene analengeza. Komabe nkhaniyo inayenda mbali ya amayi popanda ine kumva aliyense akunong'ona. Mtsikana wina amene anakhala pafupi nafe ndi khanda lake ananyamuka mwakachetechete n'kukakhala kutsidya, ndipo sindimuimba mlandu. Amayi achikulire awiri anasendera n'kudzakhala pamalo pakepo, mmodzi kutsogolo kwathu, wina kumbali, moti aliyense wotembenuka sakanaonanso msana wa amayi. Palibe analira. Anaimba nyimboyo mpaka kumapeto, anaibwereza, anaibwerezanso, ndipo amayi anga anakhala pakati pawo ngati chitsa, maso ali gwa, ouma.

Mapemphero atatha mvula inali itasanduka yowaza. Wina anathamangira kumisasa n'kubwera ndi maungu ophika m'kambale. Amayi anangomwa madzi. Ine ndinadya. Ndinadya chidutswa choyamba, chachiwiri, ndinakokota ndi khungu lomwe, ndipo anali maungu okoma, a nthenga, otsekemera. Kwa zaka zambiri chinthu chimenechi chinkandichititsa manyazi kuposa china chilichonse cha tsikulo. Anthu amenewo chakudya chawo chinali chochita kupimiridwa ndi kapitawo, ndipo Febuluwale ankawapweteka kuposa ife. Amake Esinta anaima pambali panga mpaka nditamaliza, n'kundipukuta kukamwa ndi dzanja.

Kumtsinje anatiperekeza amuna anayi ndi amayi awiri. Madzi anali atatsikako koma mlatho unali usanaoneke. Amunawo anavula mikanjo, anapinda mabuluku, analowa ndi ndodo zawo akufufuza pansi, mpaka anapeza pamene madzi ankalekeza m'chiuno. Anaima mondandana, atagwirana mikono, misana atalozetsa kumene madzi ankachokera. Amayi anakwezera mbereko m'mwamba mpaka m'mapewa ndipo anawoloka akugwira munthu uyu, kenako uyu, kenako uyu. Ine anandinyamula pakhosi woimba ng'oma uja, basiketi ili pamutu panga. Titafika tsidya amunawo anaweramitsa mitu kwa amayi n'kubwerera. Amayi awiri aja sanabwerere. Amake Esinta anandilanda basiketi, mnzawoyo anapempha kuti awalandireko amayi mwana, koma amayi anapukusa mutu. Tinayenda anthu anayi mumzere, mikanjo yoyera ija itasanduka yofiira mpaka m'mawondo. Anthu a m'midzi imene tinkadutsa ankaima m'makonde kutiyang'ana, kudabwa kuti Naphiri wayamba liti kuyenda ndi anthu a ng'oma.

Dzuwa linali litapendeka pamene tinafika pa munda wathu wa mtedza, pamene denga la nyumba yathu limayamba kuonekera. Amayi anaima pamenepo. Amayi awiri aja anawagwira uku ndi uku n'kuwakhazika pa mzere.

"Thamanga, mwanawe," anatero amake Esinta. "Kaitane abambo ako."

Ndinawapeza pamwamba pa chigafa, luzi lili kukamwa, akumangirira udzu wotsiriza. Atandiona anachotsa luzilo.

"Mwabwerako kale? Amubaya jakisoni? Ali kuti amako?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo liwu limene linatuluka ndi lomwe lija ndinalinena tsiku lonse. Ndinati wagona. Abambo anandiyang'ana, kenako anayang'ana kupitirira mutu wanga, cha kumunda, kumene anthu awiri ovala zoyera anaweramira munthu wokhala pansi. Anatsika pang'onopang'ono, phazi limodzi, kenako linalo, ngati nkhalamba. Asanafike n'komwe kumundako, amayi anayamba kulira. Ndinali ndisanamvepo mawu otero akutuluka mwa iwo. Agalu anauwa, anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga, ang'ono anga awiri anayamba kulira osadziwa chimene akulirira. Ine ndinatsala m'chigafa. Pansi panali masamba amene abambo anagwetsa potsika, ndipo ndinawatola limodzilimodzi n'kuwasanja bwino, chifukwa fodya sasiyidwa padothi.

Fanuelo tinamuika m'mawa mwake. Mwambo unayendetsedwa ndi mpingo wathu, ndi nyimbo zathu za m'buku. Amayi awiri aja anagona pasiwa pamodzi ndi amayi a m'mudzi, anatunga nawo madzi, ndipo kumanda anakhala kumbuyo kwenikweni, osaimba chifukwa nyimbozo sankazidziwa. Pobwera kumanda sanadikire chakudya. Anati kapitawo awerenga kale kuti ajomba, ndipo anatsazika amayi n'kumapita. Patapita masiku angapo mkulu uja wa mpingo wathu anabwera kudzapepesa, ndipo pakati pa nkhani anati wamva kuti amayi analowa m'nyumba ya anthu a ng'oma n'kulola kuwapempherera, zimene Mkhristu wodziwa bwino sayenera kuchita ngakhale pa mavuto. Amayi anga sankayankha akuluakulu. Tsiku limenelo anayankha, maso ali pansi.

"Anandiwolotsa mtsinje, abambo."

Mkuluyo anatsokomola, n'kuyamba kufunsa abambo za fodya.

Nyengo yonseyo ndinaidutsa ngati munthu woyenda m'tulo. Dowe anacha, tinadya. Fodya anauma, tinasankha, tinamanga, anapita ku okushoni. Kusukulu ndinaphunzira kulemba dzina langa. Anthu ankanena kuti ndine mwana wolimba mtima, ndipo ndinkangowayang'ana, chifukwa sindinkalimba ayi, ndinkangosowa pamene pakupweteka. Amayi anaonda, ankagwira ntchito zawo zonse, koma ankatha kuima pakati pa bwalo ndi chidebe m'manja ataiwala kumene amapita. Za tsiku lija sitinakambiranepo. Chimene chinasintha n'chakuti mng'ono wanga wina atayerekeza kuvina mozungulira pabwalo, atafunda thumba loyera, akuseka anthu a mikanjo, amayi anamulanda thumbalo n'kumuuza kuti asadzayambirenso pakhomo pawo.

Mu Ogasiti, titakolola mtedza, amayi anadzaza lichero, anagwira nkhuku yaikazi n'kuimanga miyendo, ndipo anati ndiwaperekeze. Mtsinje uja tinauwoloka osanyowa ndi chidendene chomwe. Minda ya esiteti inali mbee, mapesi a fodya atazulidwa n'kuunjikidwa. Tchalitchi tinachipeza, koma denga linali litasasulidwa, mitengo ina itatengedwa nkhuni, ndipo mbuzi zinagona m'kati pamthunzi wa chipupa. Kumisasa kunalibe munthu. Mlonda amene tinamupeza anati fodya atangogulitsidwa lole inawatenga onse, ena kubwerera kwawo, ena kukafuna esiteti ina cha ku Kasungu, ndipo chaka chino kubwera atsopano. Amayi anafunsa za amake Esinta. Mlondayo anati a Esinta ndi ambiri, afunika dzina la mwamuna wawo kapena mudzi wa kwawo. Sitinkadziwa chilichonse mwa zimenezo. Amayi analowa m'bwinja lija, anaingitsa mbuzi, anaima kanthawi chakumbuyo pafupi ndi chipupa. Kenako anasenzanso lichero, ine ndinakupatira nkhuku, ndipo tinabwerera nazo kumudzi.

Ndakula, ndapemphera m'matchalitchi ambiri, ena a matailosi ndi zokuzira mawu, ndipo ndamva maulaliki abwino amene ndinawaiwala ndisanafike kunyumba. Ndaonanso mmene ife anthu opemphera timathamangira kufunsa munthu wosweka kuti chachitika n'chiyani, kumuuza tanthauzo lake, kumuimiritsa kutsogolo kuti onse amuone. Anthu aja sanatifunse kalikonse. Anadziwa, ndipo anatisungira chimene tinabisa mpaka titafika pamalo poti tikhoza kuchitula. Iwo eni anali alendo m'dziko lathu, oika ana awo m'manda a eni n'kukwera lole osadzawaonanso, ndipo mwina n'chifukwa chake anamvetsa msanga chimene mayi amafuna akati akafike ndi mwana wake kwawo. Amayi anamwalira ali okalamba. M'zaka zawo zomaliza, tikakwera basi n'kudutsa anthu a mikanjo yoyera akuyenda m'mbali mwa msewu, ankamatira nkhope pawindo n'kumayang'ana mayi aliyense wamfupi, mmodzimmodzi, mpaka basi itawapitirira.